Nkhungu yofiira imene ndinkaifufuta pa zithunzi zanga za kumwamba

Kwa pafupifupi chaka chathunthu ndinkafufuta pa zithunzi zanga chinthu chimene ndinkachiyesa chilema cha kamera, chikhalirecho mbali yaikulu ya chinthucho inali kuwala kwenikweni kochokera ku mpweya umene uli pakati pa nyenyezi. Ine si katswiri wa zakuthambo, ndimangojambula thambo usiku chifukwa chokonda, ndipo ndikulemba izi chifukwa ambiri amene amayamba kujambula ndi fyuluta ya H-alpha amagwa m'mbuna yomweyi. Ena amafufuta zonse monga ndinkachitira ine, pamene ena amakhulupirira kuti chilichonse chofiira chimene chatuluka pa chithunzi chawo chachokera kutali m'mlengalenga.

Zinayamba nditagula fyuluta imene imalola mtundu umodzi wokha wa kuwala kudutsa, kuwala kofiira kotchedwa H-alpha kumene mpweya wa haidirojeni umatulutsa, kumene mafunde ake ndi otalika mananomita 656.3 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita). Khomo la fyulutayo, kutanthauza kukula kwa chigawo cha mafunde amene imawalola kudutsa, linali la mananomita 7, ndipo ndinaiika pa kamera yojambula zakuda ndi zoyera zokha, yokhala ndi lenzi yaifupi ya mamilimita 50 kuti ndione dera lalikulu nthawi imodzi. Ndinaloza kwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija za m'gulu limene mabuku amalitcha Orion, n'kujambula zithunzi 40, chilichonse cha mphindi 5, zimene ndinaziphatikiza pa kompyuta m'mawa mwake. Zimene ndinkayembekezera zinaonekadi: mtambo wowala wa Orion Nebula, uta waukulu wa Barnard's Loop umene umakhota chakum'mawa kwa nyenyezi zitatuzo, ndiponso mkombero wa mpweya wozungulira nyenyezi ya Meissa. Koma malo amene ndinkati akhala akuda bii sanade ayi. Panali nkhungu yopyapyala, pena yokhuthalako pena yong'ambikang'ambika ngati nsanza, imene inkatsetsereka chakumadzulo kumene kuli gulu la nyenyezi la Eridanus, ndipo nditapatsa chithunzicho mtundu wake, thambo lonse linaoneka ngati lathiridwa katondo.

Ndinaganiza kuti kuwala kukulowera m'mbali mwa fyuluta, choncho ndinakulunga mphako zonse ndi tepi yakuda. Ndinajambulanso zithunzi za mdima, lenzi ili yotseka, ndi zithunzi za kuwala kofanana paliponse zimene timachotsera mithunzi ya fumbi la pagalasi, koma nkhunguyo inangoti zii pamalo pake. Pamapeto pake ndinatembenukira ku chida cha mu pulogalamu chosalazira thambo. Chidachi chimagwira ntchito motere: munthu amaika timadontho pamalo amene iye akuti palibe kanthu, ndipo pulogalamu imayeza kuwala kwa pamadonthopo, n'kukuchotsa pa chithunzi chonse poganiza kuti ndi kuwala kwa magetsi kapena kwa mwezi. Ine ndinkaika madontho oposa 100, ena pakati penipeni pa nkhunguyo. Thambo linkatuluka lakuda bwino, anzanga ankandiyamikira, ndipo ine ndinkaona ngati ndagonjetsa vuto.

Chimene chinanditsegula maso chinali kusasamala kwanga komwe. Patapita nyengo ndinajambulanso dera lomwelo, koma usiku umenewo ndinamangirira kamera chammbali osazindikira, moti chithunzi chinatuluka chopendekeka poyerekeza ndi chakale. Nditazisanjikiza kuti nyenyezi zigwirizane, ndinaona kuti nkhunguyo yagwera pakati pa nyenyezi zomwezo, nsanza iliyonse pamalo pake. Chilema cha kamera chikanatembenuka pamodzi ndi kamera, ndipo kuwala kwa magetsi kukanatsamira kumene kuli magetsiwo, koma ichi chinkayenda ndi nyenyezi. Nditayerekeza ndi mapu a H-alpha a thambo lonse amene Douglas Finkbeiner anasonkhanitsa mu 2003 kuchokera ku kafukufuku wa magulu atatu, ndinapeza mizere yomweyo imene ndinakhala ndikuifufuta. Inali mbali ya chithovu chachikulu cha mpweya cha Orion ndi Eridanus, chimene Ronald Reynolds ndi Peter Ogden anachifotokoza mu 1979. Mapuwo anandionetsanso chinthu china chimene sindinachiganizirepo: kulikonse kumene munthu angaloze, ngakhale kutali ndi mzere wa Mlalang'amba, kuli kuwala kwa H-alpha, kochepa zedi koma kosafika pa ziro.

Kuti ndimvetse chimene ndinkaona ndinayenera kubwerera ku atomu ya haidirojeni, imene ili ndi pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi. Kuti elekitironiyo ithothoke pamafunika mphamvu ya ma elekitironivoti 13.6, imene imapezeka m'kuwala kwa ultraviolet kwa mananomita osaposa 91.2. Pulotoni yotsala yokhayo ikakumana ndi elekitironi ina n'kuigwira, nthawi zambiri elekitironiyo siifika pansi nthawi imodzi koma imatsika makwerero, ndipo ikamachoka pa khwerero lachitatu kupita pa lachiwiri imatulutsa kuwala kwa H-alpha. Tanthauzo lake n'lakuti nthawi zambiri pamene kuwala kumeneku kukubadwira pakati pa nyenyezi, pali haidirojeni amene anathotholedwa elekitironi ndipo akuibwezeretsa. Pafupi ndi nyenyezi zotentha kwambiri zimenezi sizodabwitsa. Orion Nebula, imene ili pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 1,350 (chaka cha kuwala ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka chimodzi), imawalitsidwa makamaka ndi nyenyezi imodzi yotchedwa Theta-1 Orionis C, ndipo Bengt Strömgren anasonyeza kale mu 1939 kuti nyenyezi yotere imapanga dera la mpweya wothotholedwa lokhala ndi malire akuthwa, kumene kuwala kwake kwamphamvu kumathera. Chovuta ndi mpweya umene uli kutali ndi nyenyezi iliyonse yotere, umene malinga ndi chithunzi cha Strömgren sunayenera kuwala konse.

Mpweya umenewu akatswiri amautcha Warm Ionized Medium, kutanthauza mpweya wofunda wothotholedwa maelekitironi, mwachidule WIM, ndipo ena amautcha Reynolds layer polemekeza munthu amene anathera zaka zambiri akuuyeza. Kutentha kwake ndi madigiri pafupifupi 8,000, kuposa pamwamba pa dzuwa pamene pali madigiri pafupifupi 5,500. Mawu akuti ofunda ankandiseketsa poyamba, mpaka nditadziwa kuti akuyerekeza ndi mitambo yozizira koopsa ya haidirojeni kumbali imodzi, ndi mpweya wa madigiri miliyoni umene nyenyezi zophulika zimasiya kumbali inayo. Ngakhale uli wotentha chotero, munthu sangawothe, chifukwa ndi wopyapyala mosaneneka: mu lita imodzi muli maelekitironi pafupifupi 100, pamene lita imodzi ya mpweya umene timapumawu ili ndi timagawo tochuluka ngati 25 yotsatidwa ndi maziro 21. Chimene chimachititsa kuti uoneke ndi kutalika kwa njira basi. Diso la kamera likaloza kumwamba limadutsa mumpweyawu kwa zaka za kuwala zikwi zingapo, ndipo kachidutswa kalikonse ka njirayo kamaponyapo kake kochepa. Mpweyawu umafika zaka za kuwala pafupifupi 3,000 pamwamba ndi pansi pa mbale ya Mlalang'amba (paja Mlalang'amba wathu ndi wophwatalala ngati mbale), ndipo mwa haidirojeni yense wothotholedwa amene ali pakati pa nyenyezi, pafupifupi magawo 90 pa 100 ali mu mpweya wobisikawu. Mitambo yokongola imene timaithamangira ndi makamera athu ndi kachigawo kakang'ono chabe.

Mbiri ya mmene unadziwikira inandithandiza kukhulupirira kuti si nthano ya ojambula zithunzi, chifukwa umboni wake unabwera m'njira zitatu zosadalirana. Mu 1963 Fred Hoyle ndi Graeme Ellis, pogwiritsa ntchito zimene zinayezedwa ku Tasmania, anaona kuti mafunde a wailesi ochokera mu Mlalang'amba amafooka kwambiri pa mafirikwensi otsika, ndipo ananena kuti payenera kukhala mpweya wothotholedwa wofalikira umene ukuwameza. Mu 1967 Jocelyn Bell Burnell anatulukira mapulsar, nyenyezi zimene zimatumiza mafunde a wailesi mogunda ngati mtima, ndipo posakhalitsa zinaoneka kuti kugunda kulikonse kumafika mochedwerapo pa firikwensi yotsika kusiyana ndi pa yokwera. Kuchedwako kumachititsidwa ndi maelekitironi oyenda okha amene ali m'njira, ndipo kukula kwake kumatiuza chiwerengero chawo. Njira yachitatu ndiyo ya kuwala kofiiraku, kumene Reynolds ndi anzake anayamba kukuyeza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 ndi chipangizo choyezera kuwala chotchedwa Fabry-Perot. Ntchito imeneyi inadzabala Wisconsin H-Alpha Mapper, kapena kuti WHAM, chipangizo cha University of Wisconsin chimene chinayamba kuyeza thambo ku Kitt Peak ku Arizona mu 1997, n'kusamutsidwira ku Cerro Tololo ku Chile mu 2009 kuti chimalize thambo la kumwera. WHAM siijambula zithunzi zokongola. Imayang'ana dera la digiri imodzi nthawi imodzi n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala ndi liwiro la mpweya umene ukukutulutsa.

Funso limene linandigwira kwambiri ndi lakuti mphamvu yothotholera mpweya wonsewu imachokera kuti. Sizingatheke kuti unathotholedwa kamodzi kalekale n'kukhala choncho, chifukwa pa kupyapyala kwake pulotoni imapeza elekitironi patatha zaka pafupifupi miliyoni imodzi, nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zaka mabiliyoni za Mlalang'amba. Payenera kukhala china chimene chikusonkhezera moto mosalekeza, ndipo popeza kuwala kwa H-alpha kumatiuza kuchuluka kwa maatomu amene akubwezeretsedwa pa sekondi, tikhoza kuwerengera mphamvu yofunika. Akatswiri atawerengera anapeza kuti nyenyezi zophulika, zimene munthu angaziganizire poyamba, zikanayenera kupereka pafupifupi mphamvu yawo yonse yokankha mpweya ku ntchito imodzi yokhayi, zimene n'zosamveka. Gwero lokhalo lodziwika limene lili ndi mphamvu yokwanira mpaka kutsalako ndi nyenyezi zazikulu zotentha za mtundu wa O, zimene pamwamba pake pamaposa madigiri 30,000. Mwa kuwala kwawo kothothola maelekitironi, gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8 ndi lokwanira kusunga mpweya wonsewo uli wothotholedwa.

Yankho limeneli lili ndi vuto lake, ndipo apa m'pamene ndinakhala masiku ambiri ndikusinkhasinkha. Nyenyezi za mtundu wa O ndi zosowa, zimakhala zaka mamiliyoni ochepa chabe, ndipo zimabadwira pafupi ndi pakati pa mbale ya Mlalang'amba, m'kati mwa mitambo yokhuthala. Kuwala kwawo kothothola kumamezedwa msanga ndi haidirojeni wamba: pamalo pamene pali atomu imodzi pa sentimita iliyonse ya mbali zonse zitatu, kuwalako sikuyenda ngakhale theka la chaka cha kuwala kusanamezedwe. Nanga kungafike bwanji zaka za kuwala 3,000 pamwamba pa mbaleyo? Chimene ndinalakwitsa chinali kuganiza kuti mpweya wa pakati pa nyenyezi ndi wosalala ngati madzi a m'beseni. Zoona zake n'zakuti ndi wobowokabowoka ngati chisa cha chiswe, wokhala ndi mabulumwa okhuthala ndi mphanga zazikulu zimene mphepo ya nyenyezi ndi kuphulika kwa nyenyezi zinakumba. Kuwala kukapeza mphanga yotere kumadutsa osamezedwa, ndipo kumene kwadutsa kamodzi n'kuthothola maatomu ochepa amene analipo, njira imatseguka kwa kuwala kobwera m'mbuyo. Zitsanzo za pa kompyuta zimene zimapatsa mpweyawu maonekedwe obowoka chotere zimasonyeza kuti kuwala kokwanira kumathawadi n'kukafika kutali. Nditamvetsa zimenezi ndinayang'ananso chithunzi changa ndi maso ena, chifukwa chithovu cha Orion ndi Eridanus ndi mphanga yotereyi: nyenyezi zotentha za ku Orion zikuwalitsa khoma la mphangayo kumbali ya Eridanus, kutali kwambiri ndi kumene izo zili. Nsanza zimene ndinkazifufuta zinali chitsanzo chapafupi cha yankho la funso limene linasautsa akatswiri kwa zaka zambiri.

Sikuti nkhaniyi inatha ndi nyenyezi za mtundu wa O. Akayeza kuwala kwa naitirojeni pa mananomita 658.4 ndi kwa salufa pa mananomita 671.6, amapeza kuti poyerekeza ndi H-alpha kuwala kumeneku n'kwamphamvu mu WIM kusiyana ndi m'mitambo yowala ngati Orion Nebula, ndipo kumanka kukulirakulira pamene H-alpha akuzilala, makamaka kutali ndi mbale ya Mlalang'amba. Kumasulira kofala n'kwakuti mpweya wakutaliwo ndi wotenthako kuposa wa m'mitambo yowala, ndipo kuwala kwa nyenyezi pakokha kumavutika kufotokoza kutentha kowonjezerako. N'chifukwa chake pamatchulidwanso zinthu zina zothandizira, monga mafunde ogunda ochokera ku nyenyezi zophulika, kuvunduka kwa mpweya, timagawo tothamanga kwambiri totchedwa cosmic rays, ndi nyenyezi zokalamba zazing'ono koma zotentha zimene zimapezeka ngakhale kutali ndi mbaleyo. Panalinso maganizo a Dennis Sciama a mu 1990 akuti kuwala kothotholako kumachokera ku timagawo ting'onoting'ono totchedwa manyutirino timene tikusweka, maganizo amene ndimawalemekeza chifukwa ananena poyera kuwala kumene kuyenera kupezeka ngati ali oona, ndipo zipangizo za m'mlengalenga zitakufufuza sizinakupeze. Milalang'amba ina imasonyezanso mpweya wotere. Mu 1990 magulu awiri a akatswiri anajambula NGC 891, mlalang'amba umene timauona chammbali, n'kupeza H-alpha wofalikira pamwamba ndi pansi pa mbale yake, ndipo kafukufuku wotsatira wasonyeza kuti mpweyawu umachuluka m'milalang'amba imene ikubala nyenyezi zambiri, zimene zikugwirizana ndi kuti gwero lalikulu ndi nyenyezi zatsopano.

Nditadziwa zonsezi ndinagwa m'mbuna yachiwiri, ndipo ndikuchenjeza aliyense amene wafika pamenepa. Ndinasiyiratu kusalaza thambo, n'kuyamba kutcha kufiira kulikonse kuti WIM. Usiku wina ndinajambula dera la kutali ndi Mlalang'amba dzuwa litangolowa kumene, ndipo ndinasangalala kuona kuti zithunzi zoyambirira zili ndi kuwala kochuluka, mpaka nditaona kuti kuwalako kukuchepa chithunzi ndi chithunzi pamene usiku ukukula. Mpweya umene uli pa mtunda wa zaka za kuwala 1,000 sungasinthe m'maola awiri. Chimene chinkasintha chinali chathu chomwe, kuyera kwa madzulo kumene kunali kusanatheretu pamodzi ndi kuwala kwa m'mlengalenga mwa dziko. Dziko lapansi lazunguliridwa ndi haidirojeni wopyapyala kumtunda kwenikweni, amene dzuwa limamuwalitsa n'kutulutsa H-alpha yemweyo, ndipo kuwala kumeneku kumaposa kwa WIM m'madera ambiri a thambo. Palinso kuwala kwachilengedwe kwa mumlengalenga kochokera ku timagawo ta okosijeni ndi haidirojeni totchedwa OH, kumene kumagwera pafupi ndi mananomita omwewo. Akatswiri amayeza kuwala kofooka chotere m'ma rayleigh, ndipo kutali ndi mzere wa Mlalang'amba WIM imawala rayleigh imodzi kapena kucheperapo, pamene H-alpha wa dziko lathu amatha kufika ma rayleigh angapo.

WHAM imalekanitsa ziwirizi chifukwa imayeza liwiro. Dziko limayenda makilomita 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, ndipo ngati nthawi yoyezera yasankhidwa bwino, kuyenda kumeneku kumasintha pang'ono kutalika kwa mafunde a H-alpha wa Mlalang'amba, moti amasuntha kuchoka pa wa dziko. Kusunthako sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a nanomita, choncho fyuluta ya mananomita 7, ngakhale ya 3, singathe kukuona. Fyuluta yangayo imalowetsanso kuwala kwa naitirojeni kwa mananomita 658.4, kumene kuli pafupi kwambiri ndi H-alpha, moti chimene ndimachitcha chithunzi cha haidirojeni ndi chosakaniza. Pamwamba pa izi, fumbi la pakati pa nyenyezi limabweza kuwala kwa H-alpha kochokera ku mitambo yowala, ndipo gawo lina la kuwala kofooka kwa kutali ndi Mlalang'amba ndi kobwezedwa chotere, osati kobadwira pomwepo. Kamera ngati yanga imaona bwino mbali yowala ya mpweya wofalikirawu, monga makoma a zithovu, mizere, ndi nkhungu ya pafupi ndi mzere wa Mlalang'amba. Kuwala kosalala kwa rayleigh imodzi kumasokonekera ndi kwa mumlengalenga mwathu, ndipo amene akunena kuti wakujambula ndi fyuluta yokha ndimamufunsa kuti walekanitsa bwanji.

Masiku ano ndisanaike dontho lililonse losalazira thambo ndimayamba ndatsegula mapu a H-alpha a dera limenelo, ndipo madontho ndimawaika ochepa, pamalo pokhapo pamene mapu akusonyeza kuti kuwala n'kochepetsetsa, n'kuuza pulogalamu kuti ichotse kupendekeka kosavuta kokha, osati kutsatira kukwera ndi kutsika kulikonse. Dera lililonse ndimalijambula usiku wosachepera uwiri, kamera ndikuitembenuza mwadala usiku wachiwiriwo, ndipo chimene sichinabwerere pakati pa nyenyezi zomwezo sindichiwerengera. Ndimadikira kuti mdima ukhwime, mwezi kulibe, ndipo ndimayang'ana zithunzi chimodzichimodzi ndisanaziphatikize kuti ndione ngati kuwala kwa thambo kukusintha ndi nthawi. Ngati n'kotheka ndimajambulanso dera lomwelo ndi fyuluta yofiira wamba, chifukwa kuwala kwa nyenyezi zambirimbiri zosaoneka pazokha ndi kwa fumbi kumaonekera kwambiri m'menemo, pamene mpweya wotulutsa H-alpha umazilala, ndipo kusiyana kwa zithunzi ziwirizo kumasonyeza chimene chili cha mpweya. Amene akujambula ndi kamera wamba ya mitundu adziwenso kuti galasi loikidwa kutsogolo kwa sensa yake limatsekereza gawo lalikulu la H-alpha, moti kusaona nkhunguyo pa kamera yotere si umboni wakuti kulibe.

Zithunzi zoyambirira zosakhudzidwa ndimazisunga zonse tsopano, ngakhale zimadya malo ambiri. M'chaka chija cha kufufuta ndinali ndi chizolowezi chozitaya ndikangomaliza chithunzi chomaliza, ndipo pa mausiku 11 amene ndinajambula dera la Orion ndinapeza kuti zatsala za mausiku anayi okha. Nditaziphatikizanso popanda madontho 100 aja, mizere iwiri ya ku Eridanus inatuluka yokhota moyang'anizana ndi Barnard's Loop, ndipo pakati pake, pamene kale panali pakuda bii, panali nkhungu yopyapyala imene inkagwirizana ndi mapu a Finkbeiner mpaka kumphepete kwa chithunzi.